Kamela ya amalume ndi filimu imene inabwela yopanda kanthu

Ndimajambula zithunzi pa maukwati, pa ma kitchen party, nthawi zina ndi pa malilo ngati eni ake apempha. Pa ukwati umodzi ndimatha kudina kamela ka 1,500, ndiye usiku ndimakhala pa kompyuta kusankha 300 zabwino, zotsala n'kufufuta. Cocitika cimeneci ndinaciona ngati luso mpaka tsiku limene amalume anatulutsa Pentax K1000 m'sutikesi yao yakale, itakulungidwa m'citenge ca ambuya. Iwo anali kameramani wa m'komboni m'zaka za m'ma 1980, uja woyenda wapansi Loweluka ndi pa Sondo, kamela pakhosi, ana akumuthamangila kuti "tikopeniko, tikopeniko."

Ndinagula filimu imodzi ya zithunzi 36, pa mtengo umene sindinawauze amalume kuopa kuti angakomoke. Ndinaimanga ndekha, cifukwa ndinkati munthu amene amadya za kamela sangafunse momangila filimu. Milungu iwili ndinazungulila nayo ku Kamwala, ku City Market, ku Kabwata, ndikuyeza kuwala mosamala ngati dokotala. Nditapita kukaitenga kumene ndinaisiya kuti aitsuke, anandipatsa lamba loonekela mbali zonse, lopanda cithunzi ngakhale cimodzi. Nsonga ya filimu inali isanakole pa kampukutu kokokela. Milungu iwili yonse ndinali kujambula mphepo.

Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, sunaone kuti kacitsulo ka kumanzele sikazungulila? Ukakoka filimu, kaja kayenela kuzungulila. Ngati kali zii, ndiye kuti palibe cimene cikuyenda mkati." Kenako anatenga lamba lija, naliyang'ana pa windo, n'kundifunsa ngati ndidziwa cifukwa cake lili ndi timabowo m'mbali. Sindinadziwe. Iwonso anangoti n'za ku bayisikopo. Anali olondola, koma nkhaniyo ndi yaitali kuposa pamenepo, ndipo ndiyo yandigwila miyezi ingapo tsopano.

Cithunzi cakale kwambili cojambulidwa ndi kamela cimene cikalipo lelo anacipanga Nicéphore Niépce ku France ca m'ma 1826 kapena 1827. Anapaka phula la mtundu wina pa mbale ya citsulo, naiika m'bokosi pa windo la nyumba yake, n'kuisiya kwa maola ambili mpaka dzuwa linaumitsa phula paliponse pamene linawala. Cimene cinatuluka ndi madenga ndi zipupa zosaoneka bwino, zowala mbali zonse ziwili cifukwa dzuwa linayenda kucoka kum'mawa kupita kumadzulo kamela ikali kuyang'ana. Mnzake Louis Daguerre anapitiliza nchitoyo Niépce atamwalila mu 1833, ndipo pa 19 August 1839 njila yake inalengezedwa poyela ku Paris. N'cifukwa cake tsiku limeneli mumaona anthu pa Facebook akuika zithunzi zao kuti ndi tsiku la ojambula.

Pali cithunzi cimodzi ca Daguerre cimene ndimacikonda. Anajambula mseu wochedwa Boulevard du Temple mu 1838, mseu wodzaza anthu ndi ngolo za mahachi. Koma pa cithunzipo mseu uli mbee, ngati Cairo Road pa tsiku la Khisimasi m'mawa. Kamela inafunika mphindi zingapo kuti igwile kuwala, ndiye ciliconse coyenda sicinasiye cizindikilo. Amene anatsala ndi munthu mmodzi woimilila pa kona, mwendo atauika pa bokosi, ndi wina wowelama akumupolishila nsapato. Anthu oyamba kulowa m'mbili ya zithunzi sanali mfumu kapena bishopu. Anali kasitomala ndi mnyamata wa polishi, ndipo onse awili sanadziwe n'komwe.

Vuto la njila ya Daguerre linali lakuti cithunzi cinali cimodzi cabe, pa mbale ya mkuwa yokutidwa siliva. Ukafuna ciwili, ujambulenso. Ku England, William Henry Fox Talbot anapeza njila ina imene anailembetsa mu 1841: kupanga coyamba cithunzi cotembenuka, poyela pakuda, pakuda poyela, kenako kucokela pa ico n'kusindikiza zambili mmene ufunila. Iyi ndiye negativu. Lamba lopanda kanthu limene ndinapatsidwa lija ndi mdzukulu wa pepala la Talbot.

Mu 1851 Frederick Scott Archer anabweletsa mbale za galasi zopakidwa mankhwala onyowa. Zithunzi zake zinali zakuthwa bwino, koma unafunika kupaka, kujambula ndi kutsuka mbaleyo ikali yonyowa, mkati mwa mphindi 10 kapena 15. Wojambula ankayenda ndi tenti ya mdima, mabotolo, magalasi ndi madzi oyela. Ganizilani katundu ameneyo m'cigwa ca Zambezi mu October. Pa ulendo wa David Livingstone wa pa Zambezi umene unayamba mu 1858, nchito yojambula inapatsidwa kwa mng'ono wake Charles Livingstone, ndipo kutentha ndi mankhwalawo zinamugonjetsa kwambili. Zithunzi zabwino za ulendowo zimene zinatsala ndi za John Kirk, dokotala komanso katswili wa zomela, amene ankagwilitsa nchito mapepala opakidwa sela okonzelatu. Zambili ndi mitengo, nyumba ndi maboti a kumunsi kwa mtsinje, ku dela limene lelo ndi Mozambique. Anthu saoneka kwambili pa cifukwa cofanana ndi ca mseu wa ku Paris. Kamela inafika kwathu kuno m'katundu wa alendo, itayang'ana kwa ife, ndipo panapita zaka zambili tisanaigwile tokha.

Ndiyenela kunenako pang'ono za cimene cimacitika mkati mwa filimu, cifukwa ine ndinagwila kamela zaka 8 osacidziwa. Pa lamba la pulasitiki amapakapo gelatin, cinthu cocokela ku mafupa ndi zikopa za nyama, ndipo mkati mwake muli timiyala ting'onoting'ono ta mcele wa siliva. Kuwala kukagunda kamwala, kamasintha pang'ono kwambili moti ngakhale utayang'ana sungaone kusiyana. Cithunzi cimakhala cilipo koma cobisika. Mankhwala oyamba otsukila amasandutsa timiyala togundidwa tija kukhala siliva wakuda. Aciwili amacotsa totsala tonse tosagundidwa, kuti kuwala kusakhalenso ndi mphamvu pa filimuyo. Ukatsegula citseko ca kamela filimu isanabwezedwe m'kabotolo kake, timiyala tonse timagundidwa nthawi imodzi, ndipo ukwati wa eni ake wapita. Amalume akuti zinawacitikilapo kamodzi, ndipo anakhala mwezi osadutsa mseu wa banjalo.

Amene anacotsa tenti ndi mabotolo m'manja mwa anthu wamba ndi George Eastman wa ku Rochester, m'cigawo ca New York. Mu 1888 anayamba kugulitsa kabokosi kochedwa Kodak pa madola 25, kali kale ndi filimu ya zithunzi 100 mkati. Ukatsiliza unkatumiza kamela yonse ku fakitale, iwo n'kutsuka, kusindikiza, kumanga filimu yatsopano, n'kukubwezela. Zithunzi zake zinali zozungulila ngati mbale. Mu 1900 anatulutsa Brownie ya dola imodzi, yoti ngakhale mwana agule. Eastman anazindikila msanga kuti ndalama sizili pa kamela koma pa filimu, mmene makampani a mafoni amakupatsila SIM yochipa podziwa kuti udzagula ma bundle moyo wako wonse. Sungani mfundo imeneyi, tidzaipezanso kutsogolo.

Manje timabowo tija. M'zaka za m'ma 1890, William Dickson, amene ankagwila nchito kwa Thomas Edison, anali kupanga makina a zithunzi zoyenda. Anatenga filimu ya Eastman, naidula kuti ikhale mamilimita 35 m'lifupi, n'kuboola m'mbali kuti mano a makina aziikoka mofanana. Umenewu unakhala muyezo wa bayisikopo pa dziko lonse. Patapita zaka pafupifupi 20, ku Wetzlar m'dziko la Germany, kunali injiniya wina wa kampani ya Leitz yopanga ma microscope, dzina lake Oskar Barnack. Ankakonda kujambula m'mapili koma anali ndi matenda a asima, ndipo makamela olemela a nthawiyo ankamutopetsa. Ca m'ma 1913 ndi 1914 anapanga kakamela kolowa m'thumba la jekete, kogwilitsa nchito filimu ya bayisikopo itagonekedwa cam'mbali, cithunzi ciliconse mamilimita 24 kwa 36. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inaimitsa zonse, ndipo kamelayo inayamba kugulitsidwa mu 1925 ndi dzina lakuti Leica. Mu 1934 Kodak inaika filimuyo m'kabotolo kacitsulo kamene ungamange masana popanda kulowa mu mdima, kabotolo komwe kaja ndinalephela kumanga. Cithunzi ciliconse cimadya timabowo 8, ndipo filimu ya zithunzi 36 ukaitambasula imapitilila pang'ono mita imodzi ndi hafu.

Anzanga a dijito, mukamadzitama kuti kamela yanu ndi full frame, dziwani kuti mukunena kuti sensa yanu ndi mamilimita 24 kwa 36. Munalipila ndalama zambili kuti mufike pa saizi imene munthu wodwala cifuwa anasankha zaka zoposa 100 zapitazo kuti asamanyamule katundu.

K1000 ya amalume inapangidwa ndi kampani ya Asahi Optical ya ku Japan. Inatuluka mu 1976 ndipo inapangidwa mpaka 1997, zoposa mamiliyoni atatu. Ilibe ciliconse cokuthandiza kupatula kasingano kamodzi m'maso kamene kamakwela kapena kutsika malinga ndi kuwala. Batile yake yaing'ono ngati ya wochi imangoyendetsa kasinganoko. Ikatha, kamela imajambulabe, cifukwa zonse ndi masipuling'i ndi magiya. Amalume akuti anakhala zaka ziwili opanda batile. Anali ndi lamulo la m'mutu limene ojambula onse akale amalidziwa: dzuwa likawala bwino, ika lenzi pa 16, liwilo la shutter likhale pafupi ndi nambala ya filimu. Kukacita mitambo, tsegula ufike pa 8. Pansi pa mtengo wa mango, 5.6 kapena 4. Ine amene ndinazolowela kudina kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwa kamela, tsiku loyamba ndinayang'ana kumbuyo kwa K1000 kasanu, n'kumangoona cikopa cakuda.

Caka comweco ca 1976, pa 16 June, Sam Nzima wa nyuzipepala ya The World anali ku Soweto ndi Pentax yake pamene apolisi anayamba kuombela ana a sukulu. Anajambula Mbuyisa Makhubo atanyamula Hector Pieterson wa zaka 12, mlongo wake wa Hector akuthamanga pambali. Atangojambula anabweza filimuyo, naicotsa, n'kuibisa m'sokosi. Apolisi atamugwila anawononga mafilimu ena onse amene anapeza, koma ya m'sokosi inafika ku ofesi. Peter Magubane, mnzake pa nchito yomweyo, ankabisa kamela mkati mwa buledi wobooledwa, n'kumaoneka ngati akudya. Filimu inali cinthu cogwilika. Wapolisi ankatha kuilanda n'kuitambasula padzuwa, ndipo umboni unkafela pomwepo. Koma ikapulumuka, panalibe woti anganene kuti ndi ya Photoshop. Nzima mwini wake cithunzico cinamuthela nchito: apolisi anamusautsa mpaka anasiya utolankhani n'kubwelela kumudzi, ndipo umwini wa cithunzi cake anaupeza mu 1998.

Pali mbali ina ya mbili imeneyi imene okonda filimu a masiku ano sakonda kuikamba. Filimu ya mitundu sinapangidwe poganizila khungu lathu. Kuyambila m'zaka za m'ma 1950, Kodak inkatumiza ku malabu khadi loyezela makina osindikizila, lokhala ndi cithunzi ca mzimayi wacizungu. Ankaichula Shirley card, potengela dzina la mzimayi woyamba kujambulidwapo. Makina akatulutsa bwino khungu la Shirley, ndiye kuti ali bwino. Munthu wakuda ukamujambula pafupi ndi khoma loyela kapena atavala diresi la ukwati, nkhope inkamila, n'kutsala maso ndi mano. Wofufuza wina wa ku Canada, Lorna Roth, analemba kuti zina mwa zimene zinakakamiza kampaniyo kukonza filimu yake anali madandaulo a opanga mipando ya matabwa ndi opanga chokoleti, amene ankati katundu wao wa bulauni saoneka kusiyana pa zithunzi zotsatsa malonda. Matebulo ndi chokoleti zinamveka msanga kuposa anthu.

Ku South Africa nkhani inali ina. Kumeneko boma la tsankho linkafuna nkhope za anthu akuda zioneke bwino lomwe, pa mapasi. Makina a Polaroid ankagwilitsidwa nchito kujambula zithunzi za mapasiwo. Mu 1970 anchito awili akuda a kampaniyo ku Cambridge, Massachusetts, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anatulukila zimenezi n'kuyambitsa gulu lotsutsa. Hunter anacotsedwa nchito, koma mu 1977 Polaroid inacoka ku South Africa.

Amalume sanamvepo za Shirley. Koma nditawafotokozela anangogwedeza mutu. "Kasingano kaja kamanama ukajambula munthu wathu pa dzuwa. Kamaona khoma, sikaona munthu. Uzitsegula kamodzi kupitilila pamene kakuuza, ndipo muike munthu pa mthunzi, nkhope iyang'ane kumene kucokela kuwala." Nzelu imeneyi ojambula a mu Africa anaipeza okha, aliyense ku situdiyo yake. Yang'anani zithunzi za Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo ku Bamako mu 1948 ndipo ankajambula pabwalo ndi kuwala kwa dzuwa, kapena za Malick Sidibé, amene ankazungulila m'madansi a acinyamata a mumzinda womwewo m'zaka za m'ma 1960. Khungu pa zithunzi zao lili ndi kuwala konse, cifukwa ankayeza ndi kutsuka okha, poganizila anthu amene ali patsogolo pao. Sidibé anadzalandila mphoto ya Golden Lion ku Venice mu 2007, atakalamba, cifukwa ca zithunzi zimene poyamba ankagulitsa kwa anyamata ndi atsikana ofuna kukumbukila Loweluka lapita.

Kuno ku Lusaka tinali ndi zathu. Fine Art Studios ndi imodzi mwa masitudiyo akale a mumzinda uno. Sana Ginwalla, amene anayambitsa Everyday Lusaka, anapeza mu situdiyo imeneyo mulu wa zithunzi zakale zimene eni ake sanabwele kudzatenga, ndipo ndi pamene panayambila nkhokwe yochedwa Zambia Belonging. Zithunzi zosatengedwa zimenezo zimandikhudza cifukwa ndidziwa mmene bizinesi inkayendela. Amalume ankalandila hafu ya ndalama pojambula, hafu pobweletsa. Filimu sinkapita kotsukidwa mpaka itadzaza, ndiye ngati unajambulidwa pa nambala 3, unkadikila anthu ena 33. Pofika tsiku lobweletsa, ena anali atasamuka, ena ndalama zatha, ena cibwenzi cimene anajambulitsa naco catha. Mu sutikesi muja muli envulopu yonenepa ya anthu otelo: mnyamata atatsamila galimoto ya eni ake, mtsikana atagwila foni ya situdiyo yopanda waya, bambo atanyamula wailesi pa phewa. Aliyense anabwela ndi munthu amene ankafuna kukhala.

Cimene cinadzathetsa zonsezi cinali citabadwa kale K1000 isanatuluke. Mu 1975, injiniya wacinyamata wa Kodak, Steven Sasson, anapanga kamela yopanda filimu. Inkalemela makilogilamu 3.6, cithunzi cake cinali ca madontho 100 kwa 100, cakuda ndi coyela, ndipo cinkatenga masekondi 23 kuti cilembedwe pa kaseti ya tepi. Akuluakulu a kampani anaiona, koma kumbukilani kumene kunkacokela ndalama zao. Kamela yosadya filimu inali ngati kuuza mwini cigayo kuti wapeza cimanga cosafuna kugaya. Kodak inapangadi makamela a dijito pambuyo pake, ena abwino ndithu, koma phindu lake silinafike pa la filimu. Malonda a filimu anafika pamwamba ca m'ma 2000, kenako anagwa mofulumila. Kodachrome, filimu yochuka imene inayamba mu 1935, inasiya kupangidwa mu 2009, ndipo mu January 2012 kampaniyo inapita ku khoti kukapempha citetezo cifukwa ca nkhongole.

Amalume iwo akuti dijito siimene inawacotsa pa mseu. Akuti ndi foni. Kamela ya dijito inali yodula, anthu a m'komboni ankafunabe kameramani. Koma foni ya kamela itafika m'thumba la aliyense, ana anasiya kuwathamangila.

Lelo filimu yabwelanso pang'ono. Kodak inabweza Ektachrome mu 2018, ndipo mu 2024 Pentax inatulutsa kamela yatsopano ya filimu, Pentax 17. Acinyamata ku London ndi ku Johannesburg akulimbilana makamela amene makolo ao anataya, ndipo K1000 imene inapangidwa kuti ikhale yochipa ya ana a sukulu yakwela mtengo. Ndinene zoona, zina mwa izi ndi fashoni cabe. Munthu amajambula pa filimu, n'kuisikana, n'kuiika pa Instagram, negativu n'kuisiya ku labu osaitenga. Ndipo ine sindingapite ku ukwati wa kasitomala ndi K1000 yokha. M'holo ya mdima, mkwatibwi akuvina, kamela yanga ya dijito imaona zimene filimu singaone, ndipo khungu lathu imalitulutsa bwino kuposa Kodak ya nthawi ya amalume.

Koma pali cinthu cimodzi. Mu 2019 hard drive yanga inagwa pa tebulo, n'kupita ndi nchito ya zaka zitatu, kuphatikizapo zithunzi zomaliza za ambuya. Amene ndinawapelekela kuti aikonze anandiuza mtengo woposa wa kamela yanga, popanda lonjezo lililonse. Pamene m'sutikesi ya amalume, imene yakhala pansi pa bedi zaka pafupifupi 40, yadutsa m'mainza a denga lodontha ndi kusamuka kanayi, ma negativu ali m'timapepala tao, ena ali ndi nkhungu m'mbali koma ambili ali bwino. Ndinawaika pa windo, n'kuwajambula ndi kamela ya dijito, n'kuwatembenuza pa kompyuta. Pa lamba lina panatuluka mtsikana wa yunifomu ya sukulu, ataima pafupi ndi mpanda wa maluwa, dzanja limodzi m'ciuno. Ndinawaonetsa amai pa foni. Anakhala cete nthawi yaitali, kenako anati nsapato zimene anavala tsiku limenelo zinali zobweleka, ndipo zinkawathina.

Filimu yaciwili ndinaimanga amalume ataimilila pambali. Ndinakoka kawili citseko cili cotsegula kuti ndione mano akulowa m'timabowo, ndinatseka, ndinakokanso, kacitsulo ka kumanzele kanazungulila. Pa zithunzi 36, zabwino zinatuluka 9. Cimodzi ndi ca iwo, atakhala pa mpando pansi pa mango, lenzi pa 4. Anaciyang'ana nthawi yaitali, anaciyandikitsa ku maso, n'kunena kuti fokasi ndinaiika pa khutu m'malo mwa diso. Kenako anaciika m'thumba la malaya, ndipo hafu yotsala ya ndalama sanandipatse.